Tsache la Batire: Kugula Kapena Kuleka?

Nkhani yokambidwa pa wailesi pa nthaŵi ya za pakhomo

M'mwezi wa Malichi chaka cha 2018, Sir James Dyson, mkulu wa ku Britain amene adatchuka ndi ntchito yopanga makina okoka fumbi m'nyumba, adalengeza chinthu chimene chidadabwitsa anthu ambiri. Poonetsa makina ake atsopano otchedwa Cyclone V10, iye adanena kuti waleka kukonza mitundu yatsopano ya makina okhala ndi nthambo yolumikiza pakhoma, pakuti m'kuona kwake makina oyendera batire adali atakula msinkhu mokwanira kusesa nyumba yonse. Kuchokera nthaŵi imeneyo makampani ambiri achulutsa makina a mtundu umenewu, ndipo lero amapezeka ponseponse m'masitolo aakulu a ku London ndi ku Johannesburg. Ena amafika mpaka ku Blantyre, Lilongwe ndi Lusaka, kaŵirikaŵiri m'katundu wa achibale obwera kuchokera kunja.

Makinaŵa amaoneka ngati ndodo. Kumtunda kuli chogwirira, injini, batire ndi kabokosi kolandira zinyalala. Pakati pali paipi yopepuka. Ndipo kumunsi kuli mutu wokhala ndi burashi yozungulira. Injini imazunguza fani mwa liŵiro lalikulu, fani imakankhira mpweya kunja, ndipo mpweya wina umathamangira m'kati kudzera kumutu kuja utanyamula fumbi ndi nyenyeswa. Ndi chipangizo chokongola, ndipo wochiona amachikhumbira. Koma mtengo wake si wa maseŵera, kotero banja lililonse loganiza zogula liyenera kuyamba lamvetsa mfundo imodzi. Makina a nthambo ali ndi malire a mtunda: amafika pokhapo pamene nthambo yalekezera. Makina a batire adachotsa malire amenewo, koma adabweretsa malire ena, a nthaŵi: amagwira ntchito mphindi zoŵerengeka pa tsiku, ndi zaka zoŵerengeka pa moyo wao. Nkhani yonse ya kugula kapena kuleka yagona pamenepa.

Kumene adachokera

Mbiri ya makina okoka fumbi ndi mbiri ya kupepukitsa chinthu cholemera. M'chaka cha 1901, katswiri wina wa ku England, Hubert Cecil Booth, adapanga makina oyendera petulo amene adali aakulu mwakuti ankanyamulidwa pa ngolo yokokedwa ndi akavalo. Ngoloyo inkaima pamseu, ndipo antchito ankaloŵetsa mapaipi aatali m'nyumba kudzera pa mazenera. Makina otereŵa ndiwo adayeretsa makapeti a m'tchalitchi cha Westminster Abbey pokonzekera mwambo wolonga ufumu Edward VII mu 1902.

Wobweretsa makinaŵa m'manja mwa munthu mmodzi adali James Murray Spangler, wosesa m'sitolo ina mumzinda wa Canton, ku Ohio m'dziko la America. Bamboyu ankadwala mphumu, ndipo fumbi la pantchito linkamuzunza. Mu 1907 adalumikiza injini ya fani, bokosi la sopo, mpini wa tsache ndi nsalu yovekera pilo, napanga makina a magetsi otha kuwakankha ndi dzanja. Posoŵa mpamba, adagulitsa nzeru yakeyo kwa William Henry Hoover, mmisiri wa zikopa, mu 1908. Ndicho chifukwa chake mpaka lero anthu ambiri ku Britain ndi kumaiko a kumwera kwa Africa amangotchula makina onse okoka fumbi kuti Hoover.

Nthambo ndiyo idatenga nthaŵi kuti ichoke. Mu 1979 kampani ya Black & Decker idatulutsa kachipangizo ka m'manja kotchedwa Dustbuster, koma mabatire a masiku amenewo adali ofooka, ndipo kankangothandiza kutola nyenyeswa za pathebulo. Zinthu zidasintha ndi batire la lithium, limene kampani ya Sony ya ku Japan idayamba kugulitsa mu 1991. Batireli limasunga mphamvu zambiri m'thupi laling'ono, ndipo ndi lomwe limayendetsa mafoni a m'manja. Akatswiri atatu amene adalitulukira, John Goodenough, Stanley Whittingham ndi Akira Yoshino, adalandira mphoto ya Nobel mu 2019. Popanda batire limeneli, tsache la magetsi lopanda nthambo silikadakhala lamphamvu monga lilili lero.

Zokoma zake

Ubwino woyamba, umenenso uli waukulu kuposa onse, ndi wakuti makinaŵa amakhala okonzeka nthaŵi iliyonse. Makina a nthambo amafuna kuti munthu awatulutse m'chipinda chosungira katundu, amasule nthambo, afunefune soketi, ndipo akamaliza akulungenso zonse. Chifukwa cha chintchito chimenechi, ambiri amawagwiritsa ntchito kamodzi pa sabata. Koma makina a batire amakoloŵekedwa pakhoma ngati tsache wamba. Mwana akakhuthula shuga pansi, mayi kapena bambo amangowatenga, ndipo mphindi ziŵiri zisanathe pansi payera. Chipangizo chokhala pafupi ndi dzanja ndicho chimagwira ntchito, ndipo nyumba yoseseredwa pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku siiunjika litsiro.

Chachiŵiri ndi kupepuka. Makina ambiri a mtunduwu amalemera makilogalamu 2 kapena 3, pamene a nthambo okokedwa pa mateyala amafika makilogalamu 7 kapena 8. M'nyumba yosanja, kukwera masitepe ndi makina olemera pamodzi ndi nthambo yolendeŵera ndi ntchito yoopsa. Kuonjezera apo, munthu akachotsa paipi ija amatsala ndi kachipangizo ka m'manja kotha kuloŵa m'galimoto, m'mipata ya sofa ndi pansi pa bedi. Akaibwezera, amafikira ukonde wa kangaude kudenga osakwera pampando. Ndipo popeza palibe nthambo yoyalidwa pansi, ana ndi okalamba sapunthwa.

Chachitatu ndi magetsi. Yuniti imodzi ya pa mita ndi ma watt-hour 1,000, pamene batire la makinaŵa kaŵirikaŵiri limasunga osafika 100. Ndiye kuti yuniti imodzi ikhoza kudzaza batire maulendo pafupifupi khumi. Kumalo kumene magetsi amazimazima, batire lodzazidwa usiku limalola munthu kusesa m'maŵa ngakhale pakhoma palibe moto.

Chachinayi chimakhudza umoyo, ngakhale ubwino umenewu ndi wa makina onse okoka fumbi, a nthambo ndi a batire omwe. Tsache limakankha zinyalala zikuluzikulu, koma fumbi losalala limalitumphitsa m'mwamba, kumene anthu amalipuma lisanagwerenso pansi. Ndicho chifukwa chake amayi odziŵa ntchito amayamba awaza madzi asanasese. Makina okhala ndi sefa yabwino amalitsekera fumbilo m'kati. Sefa ya mtundu wotchedwa HEPA, potsata muyeso wa ku America, imagwira magawo 99.97 pa 100 alionse a tifumbi tating'ono kwambiri tosaoneka ndi maso. Pakhomo pamene pali wodwala mphumu, kapena pamene galu ndi mphaka amagona m'nyumba, chimenechi si chinthu chochepa.

Zobisika m'kati mwa mkuyu

Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nyerere yoyamba ili pa mau olembedwa pa bokosi. Pa makina a V10 aja padalembedwa kuti amatha kuyenda mpaka mphindi 60. Mau ameneŵa si abodza, koma ali ndi mchira. Masamu ake ndi apafupi. Batire losunga ma watt-hour 65 likhoza kuyendetsa injini kwa ola lathunthu pokhapokha ngati injiniyo ikudya mawati 65, mphamvu yongofanana ndi ya babu limodzi la masiku akale. Munthu akasunthira kabatani pa mphamvu yaikulu, injini imadya mawati pafupifupi 500, ndipo batire lomwelo limatha mphindi 10 zisanakwane. Likatha, pamafunika maola 3 ndi theka kapena kuposerapo kuti lidzazenso. Tsono mphindi 60 zija ndi za mphamvu yochepa, mutu wa burashi yozungulira usanalumikizidwe. Kapeti yokhuthala yodzaza mchenga imafuna mphamvu yaikulu, ndipo pamenepo ola lija limasanduka mphindi zoŵerengeka pa zala.

Nkoyenera kunena kuti kuchuluka kwa mawati sikutanthauza ukhondo nthaŵi zonse. Kuyambira pa 1 Sepitembala 2017, bungwe la European Union lidaletsa kugulitsa makina atsopano a nthambo opitirira mawati 900, ndipo nyumba za kumeneko sizidade chifukwa cha lamulolo, pakuti opanga adangokonza bwino mitu ndi njira za mpweya. Momwemonso makina a batire okhala ndi burashi yabwino amayeretsa matailosi ndi matabwa mokwanira pa mphamvu yochepa. Koma kusiyana kulipo ndithu: makina a nthambo amakoka ndi mphamvu yomweyo kuyambira m'maŵa mpaka madzulo, osafunsa kuti ntchito itha liti.

Nyerere yachiŵiri ndi yoluma kwambiri: batire limakalamba. Aliyense amene ali ndi foni akudziŵa kuti batire limene linkachezera tsiku lonse pamene linali latsopano, pakatha zaka ziŵiri kapena zitatu limafuna kutchajidwa masana. Mabatire a m'makinaŵa ndi a mtundu womwewo, ndipo amagwira ntchito yolemera koposa. Akadzazidwa ndi kutha maulendo mazana angapo, mphamvu yao imayamba kutsika, ndipo kutentha kumafulumizitsa ukalamba umenewu. Opanga eni ake amadziŵa zimenezi. Kwa zaka zambiri ku Britain, kampani ya Dyson inkapereka chitsimikizo cha zaka 5 pa makina ake a nthambo, koma zaka 2 zokha pa makina a batire. Wogula wanzeru amaŵerenga manambala aŵiriŵa mofatsa kuposa malonjezo onse a pa bokosi.

Batire likafa, injini imakhala ikadali yamoyo, koma makina onse amasanduka ndodo yachabe. Pa makina ena batire limachoka mwa kungodinikiza kabatani. Pa ena limafuna kumasula zomangira. Ndipo pa ena otsika mtengo lidamatiridwa m'kati, kotero kuti imfa ya batire ndiyo imfa ya makina. Vutoli lidakula mwakuti mu 2023 bungwe la European Union lidakhazikitsa lamulo lakuti kuyambira mu 2027 mabatire a zipangizo zambiri zonyamulika azikhala oti mwini wake akhoza kuchotsa ndi kusintha yekha. Ngakhale zili choncho, batire latsopano limagulidwa ndi ndalama zambiri, ndipo mtundu wa makinawo ukaleka kupangidwa, limayamba kusoŵa.

Nyerere yachitatu ndi kuchepa kwa mimba. Pofuna kuyerekeza, nkothandiza kuyang'ana makina ena otchuka a ku Britain komweko, otchedwa Henry, ofiira ndi okhala ndi nkhope yomwetulira, amene kampani ya Numatic idayamba kupanga mu 1981 ndipo fakitale yake ili m'tauni ya Chard ku Somerset. Henry wamkulu ali ndi thumba la malita 9 ndi nthambo ya mamita 10, ndipo osesa m'maofesi, m'masukulu ndi m'mahotela amamkonda chifukwa cha kulimba kwake. Kabokosi ka V10 sikafika ngakhale lita imodzi. Ndiye kuti mwini wake amakakhuthula pafupipafupi, ndipo pokhuthula fumbi lina limamuulukira kumaso, chinthu chimene wodwala mphumu sangachikonde. Thumba la Henry limangochotsedwa lotseka, ngakhale nalonso limafuna ndalama zogulira lina. Pa nthaŵi imene V10 inkatuluka, mtengo wake udali mapaundi pafupifupi 400 kapena kuposerapo, kuŵirikiza mtengo wa Henry pafupifupi katatu.

Palinso tina tating'ono tomwe sitioneka m'sitolo. Sefa imafuna kutsukidwa ndi madzi ozizira pafupifupi kamodzi pa mwezi, ndi kuiumitsa tsiku lathunthu isanabwezeretsedwe. Woiŵala zimenezi amadabwa kuona makina akutsamwa. Tsitsi ndi ulusi zimazengezana pa burashi. Ndipo ngakhale makinaŵa ndi opepuka pa sikelo, kulemera kwao konse kuli pa dzanja, chifukwa injini ndi batire zili kumtunda, pamene makina a mateyala amasenzetsa katundu wao pansi. Pa mitundu ina chala chiyenera kudinikiza kabatani nthaŵi yonse yosesa. Kwa gogo wodwala nyamakazi, mphindi 15 za ntchito yotere zimakhala zazitali.

Pomaliza pali nkhani ya moto. Batire la lithium likaphwanyika, likabooledwa kapena likatchajidwa ndi chaja yosayenera, likhoza kuyaka moto wovuta kuzimitsa. Ku Britain magalimoto onyamula zinyalala akhala akuyaka chifukwa cha mabatire otayidwa m'mabini. Motero batire lakufa siliyenera kuponyedwa kudzala kumene zinyalala zimatenthedwa, ndipo mabatire otsika mtengo osadziŵika kochokera ndi oyenera kuwapeŵa.

Nyumba ndiyo imasankha

Poona zonsezi, funso lakuti makina abwino ndi ati lilibe yankho limodzi. Yankho lili m'nyumba imene makinawo akagwire ntchito.

Namwino wokhala m'kanyumba ka zipinda ziŵiri ku Manchester, kokhala ndi kapeti kuchokera khoma mpaka khoma, masitepe opapatiza ndi malo ochepa osungira katundu, ndiye munthu amene makinaŵa adapangidwira. Ntchito yake yosesa imatha m'mphindi 15 kapena 20, masitolo ogulitsa batire ndi sefa ali pafupi, ndipo nthaŵi yake ndi yochepa. Kwa iye ndalamazo sizipita pachabe.

M'nyumba yaikulu ya ku Johannesburg, monga zimene Amalaŵi ambiri amagwiramo ntchito zapakhomo, nkhani ndi ina. Kumeneko kusesa kumatenga maola, kuchokera chipinda kupita chipinda, ndipo batire limatha ntchito isanafike pakati. Wantchito amatsala akudikira makina, tsiku likupita, ndipo kaŵirikaŵiri mlandu wa kusamaliza umagwera iye osati batire. Nyumba yotere imafuna makina a nthambo; a batire angakhale othandizira chabe, kapena akhale ndi mabatire aŵiri osinthana.

Nanga nyumba ya simenti yopakidwa polishi, monga zambiri za ku Chilomoni, ku Kawale kapena ku Chipata? Pamenepa mpofunika kunena zoona. Pansi posalala potere, tsache ndi chikolopa zimagwira ntchito bwino, ndipo ngakhale makina atasesa, kukolopa kudzafunikabe, chifukwa makinaŵa samwa madzi ndipo sachotsa matope a m'dzinja. Litsiro la m'nyumba zotere ndi mchenga wobwera ndi mapazi, phulusa la mbaula ndi fumbi lofiira la m'chilimwe, ndipo fumbi losalala chotere limatseka sefa msanga. Kutentha kwa mwezi wa Okutobala, makamaka m'nyumba ya malata yopanda siling'i, ndi mdani wa batire. Choopsa kuposa zonse ndi kusoŵa kwa zipangizo zosinthira: makina obwera ndi mbale kuchokera kunja amasangalatsa zaka ziŵiri, kenaka amaima kuseri kwa chitseko kudikira batire limene palibe sitolo yapafupi yoligulitsa. Pakhomo potere makinaŵa amapindulitsa pokhapokha ngati pali makapeti, sofa za nsalu, galimoto, kapena wodwala amene fumbi la tsache limamuvutitsa.

Mafunso a m'sitolo

Safunsa adadya phula. Amene watsimikiza mtima kugula ayenera kufunsa mafunso angapo ndalama zisanachoke m'thumba. Kodi makinaŵa amayenda mphindi zingati pa mphamvu yapakati, mutu wa burashi utalumikizidwa? Kodi batire limachoka, ndipo latsopano limapezeka kuti, pa mtengo wanji? Kodi chitsimikizo chikukhudzanso batire, ndipo chikugwira ntchito m'dziko limene makinawo akakhale? Kodi sefa ndi yochapika? Wogula awanyamulenso m'sitolo momwemo, awatukule kuloza kudenga kwa mphindi imodzi, amve zimene dzanja lake likunena.

Wogula kunja ayang'anenso chaja. Magetsi a ku Malaŵi ndi ku Zambia ndi a mavoti 230, monga a ku Britain, ndipo pulagi ya mano atatu a ngodya ya ku Britain imaloŵa bwino. Ya ku South Africa ili ndi mano ozungulira ndipo imafuna cholumikizira. Ku America magetsi ndi a mavoti 120, kotero chaja ya kumeneko iyenera kuŵerengedwa bwino isanalumikizidwe. Pa ulendo wa pa ndege, batire lapadera la lithium saloledwa kuliika m'chikwama chopita kunsi kwa ndege. Limayenda m'chikwama cha m'manja. Ndipo wogula makina ogwiritsidwapo kale ntchito adziŵe kuti akugula batire lokalamba, choncho mtengo wa batire latsopano auphatikize pa mtengo wa makinawo asanayambe kunenerera.

Pali kayesedwe kamodzi kosafuna ndalama kamene kangathandize banja lililonse. Tsiku lina m'maŵa, amene amasesa pakhomopo ayang'ane wotchi poyamba ndi pomaliza ntchito yake, ndipo aone kuti nthaŵi yochuluka yathera pa chiyani. Ngati ntchitoyo imatha m'mphindi 20, ndipo yambiri ndi ya pa kapeti, pa masitepe ndi pa mipando, tsache la batire lidzakhala bwenzi la tsiku ndi tsiku, malinga mwini wake akumbukire kusunga ndalama ya batire lachiŵiri. Ngati imatenga ola lathunthu kapena kuposerapo, makina a nthambo adzagwira ntchito yochuluka pa mtengo wochepa ndi kwa zaka zambiri. Ndipo ngati nthaŵi yambiri yathera pa kukolopa simenti ndi kusesa pabwalo, banjalo lisunge ndalama zake: tsache la pamsika likadali ndi ntchito pakhomo pamenepo.